Munthu Amene Anavula Chipewa pa Geti

Ndinabwera ku Lilongwe nditakhala pamwamba pa mafayilo. Lole imene inanyamula makabati a ofesi yathu kuchoka ku Zomba ndi yomweyo inanyamula ine, sutikesi yanga, ndi makina anga otayipira atakulungidwa m'bulangete ngati mwana wodwala malungo. Chinali chaka chimene likulu linkasamuka, ndipo ine ndinali tayipisiti, mtsikana wosakwatiwa, wonyadira Chingerezi chake kuposa nkhope yake. Ku Zomba tinkaseka kuti ku Lilongwe kuli fumbi, ng'ombe ndi mtedza basi. Nditafika ndinapeza kuti pa za fumbi tinkachita kuchepetsa.

Maofesi atsopano a ku City Centre anali atayima m'tchire, oyera mbee, pakati pawo pali udzu wofika m'chiuno ndi misewu yatala yopita kumene kunalibe kanthu. Nyumba imene anandilonjeza inali isanafoleredwe, choncho ndinakakhala kwa azakhali anga m'tauni yakale, kuseri kwa msika. M'mawa uliwonse ndinkakwera basi ya ogwira ntchito m'boma, kuwoloka mlatho, n'kukafika ku ofesi tsitsi litafiira kale.

Masiku amenewo munthu unkayankhula utayamba wayang'ana uku ndi uku. Pa geti la msika pankaima anyamata ofunsa makadi a chipani. Mu ofesi mwathu munali desiki imene mwini wake anaitanidwa tsiku lina m'mawa, nasiya jekete pampando, osabweranso. Jeketelo linakhala pamenepo mwezi wathunthu chifukwa panalibe wofuna kuoneka akulikhudza. Palibe ankafunsa kuti walakwa chiyani. Tinkangonong'onezana kuti anamutenga, ndipo tikatero aliyense ankaweramira ntchito yake.

Loweruka masana ndinkaphunzitsa anthu akuluakulu Chingerezi m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi chathu. Sindinachite kudzipereka ayi. Azakhali ndi amene anandipereka, atauza abusa kuti m'nyumba mwawo mwabwera mtsikana amene amalota m'Chingerezi. Ophunzira analipo khumi ndi mmodzi: alonda, amesenjala, ogwira ntchito m'nyumba za ku ma Area, ndi amayi awiri a mumsika. Onse ankafuna Chingerezi cha pantchito, choti adona akakalipa munthu adziweko chimene walakwa.

Mabuku kunalibe. Ndiye ndinkapeka ndekha tinkhani ta ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, n'kutitayipa mu ofesi nthawi ya nkhomaliro anzanga atapita kukadya. Mapepala ndinkatola m'basiketi ya zinyalala. Anali makalata amene ndalakwitsa, oyera kumbuyo, koma kutsogolo ali ndi chizindikiro cha boma ndi dzina la unduna wathu. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndi mlandu. Nthawi imeneyo kunkatuluka makalata osasaina onena za akuluakulu, ndipo tinkamva kuti ofufuza amayenda ofesi ndi ofesi kuyerekeza zilembo za makina. Makina anga anali ndi chilembo chimodzi chodumpha pamwamba pa zinzake, choti ngakhale mwana akanachizindikira. Choncho ndinali ndi malamulo awiri. Phunziro likatha, mapepala onse ankabwerera m'manja mwanga kuti ndikawatenthe pa mbaula ya azakhali. Komanso m'tinkhanimo sindinkaikamo dzina la munthu, la mudzi kapena la malo. Ndinkaganiza kuti nkhani yopanda dzina singapweteke munthu, ndipo ndinkadzitama nazo nzeru zimenezi.

Chimene sindinachiganizire n'chakuti ophunzira anga sankakhulupirira kuti nkhani ya pa makina ingakhale yopeka. Moyo wawo wonse, Chingerezi chotayipa chinkabwera ndi zinthu zenizeni, monga kalata yochotsa ntchito, chisamani cha kukhoti, kapena chidziwitso chakuti musamuke. Ndikawauza kuti munthu wa m'nkhaniyo kulibe, ndamuumba ndekha pa desiki, ankandiyang'ana mwaulemu, mmene umayang'anira mwana wa abwana akamanama. Mlonda wina wamtali, wa pa sitolo ya amwenye, anandiuza poyera kuti makina a boma salemba bodza. Ananena nkhope ili gwa, ndipo panalibe amene anaseka.

Motero kankhani kalikonse kankasanduka mlandu wa pabwalo. Ndikalemba kuti mayi wina anagula nsomba koma anafika kunyumba chimanjamanja, iwo ankafuna kudziwa kuti mayiyo ndi wa kwa yani, mwamuna wake amamwa kapena ayi, nanga nsombazo anapatsa ndani panjira. Mayi wina wogulitsa nsalu mumsika ankadandaula sabata iliyonse kuti nkhani zanga ndi zopanda mchira, ndipo iye ankaziikira mchira wake, kawirikawiri wa chibwenzi chamseri. Ine ndinkapsa mtima kuti akunditayitsa nthawi. Koma ndivomereze kuti pokangana za anthu amene kulibewo m'pamene ankayankhula Chingerezi chambiri, chothyokathyoka koma chotuluka.

Munthu mmodzi yekha sankalowa nawo m'mikanganoyo. Anali bambo achikulire, a imvi mutu wonse, amene ankasamala maluwa pa nyumba ina ku Area 12. Kuntchito ankatchedwa gadeniboyi ngakhale anali ndi zidzukulu. Ankabwera wapansi mtunda wonsewo, n'kukhala pa benchi la kumbuyo ataika chipewa chawo cha mlaza pa bondo. Ankatsata mawu ndi chala, milomo ikugwedera, koma ndikawafunsa funso ankangoti akumva, basi. Ndinkawaika m'gulu la anthu amene mutu unauma kale.

Loweruka lina m'nyengo yotentha, mvula isanagwe, ndinabweretsa kankhani kophunzitsira kanenedwe ka zinthu zochitika kale. Mawu a sabata imeneyo anali geti, mtengo, galu ndi chipewa, ndiye ndinangowalumikiza mmene anandibwerera. M'chinenero chathu kankati: Munthu wina anafika pa geti. Anayang'ana mtengo umene unali m'kati. Galu anauwa. Munthuyo anavula chipewa. Kenaka anapita. Pansi pake ndinaikapo funso limodzi, lakuti n'chifukwa chiyani anavula chipewa. Yankho limene ndinali nalo m'mutu linali lakuti kunkatentha, ndipo kunena zoona ndinalibe lina.

Mlonda uja sanadikire n'komwe kuti ndimalize kuwerenga. Anati munthuyo ndi wakuba. Akuba amatero, amabwera masana kudzaona mtengo umene nthambi zake zadutsa mpanda kuti adzakwerepo, ndipo chipewa amavula kuti amene amuona asadzagwirizane za mmene anavalira. Mayi wa nsalu anakana kwa mtu wa galu. Iye anati mkazi wa munthuyo anathawa pakhomo n'kukalowa ntchito yolera ana m'nyumbamo, ndipo mwamunayo wavula chipewa kuti mkazi amuzindikire pa zenera. Mesenjala wina anati onse awiri akunama, munthuyo ankafuna ntchito koma anaopa galu. Phokoso linali litakula kale pamene ndinaona bambo a kumbuyo aja akudzuka pa benchi.

Lamulo la m'kalasi linali lakuti tiziyankhula Chingerezi chokha, koma iwo sanalisamale.

"Pansi pa mtengowo pagona mkazi wake," anatero. Kenaka anandiyang'ana m'maso. "Aphunzitsi, anakuuzani ndani?"

Ndinayamba kufotokoza kuti palibe anandiuza, koma iwo anali atayamba kale. Ankayankhula motsitsa, ngati munthu akupereka umboni. Anati pamene pali Area 12 panali mudzi umene anakwatirako, ndipo cha kumunsi kwake kunali manda. Makatapila atabwera, anthu anasamutsidwira kutali. Manda amene anali ndi mitanda yooneka anafukulidwa n'kusamutsidwa, koma a akazi awo anali akale, mtanda unali utadyedwa ndi chiswe, ndipo pofulumirapo anatsala. Nkhalango yonse ya kumandako inagwetsedwa kupatula muwanga umodzi umene omanga anausiyira mthunzi. Iwo ankaudziwa muwangawo chifukwa pokumba mandawo anthu anavutika ndi mizu yake. Patapita chaka anabwerera n'kupeza mpanda, geti ndi galu. Anavula chipewa monga mmene mwamuna aliyense amachitira akafika pamanda, n'kubwerera. M'mawa mwake anapitanso kukapempha ntchito pa nyumba yomweyo. Anati mpaka tsiku limenelo ankavulabe chipewa m'mawa uliwonse polowa, ndipo abwana ankayesa kuti ulemuwo ndi wawo.

Mlonda uja ananyamuka mwakachetechete n'kukasuzumira pa zenera. Mayi wa nsalu anayamba kumanganso duku limene linali lomanga kale. Masiku amenewo kunena kuti kusamuka kwa likulu kunaliza munthu kunali kutsutsa chitukuko, ndipo anthu ankatengedwa pa mawu ochepa kuposa amenewa. Sitinkadziwa kuti pakati pathu makutu a boma ndi ndani, koma tinkadziwa kuti pamene pakhala anthu khumi sapalephera kukhala mmodzi. Ndinanena kuti nthawi yatha, ngakhale dzuwa linali likadali pamwamba, n'kutolera mapepala mofulumira, osawawerenga.

Ndinakawawerenga nditagwada pa mbaula. Analipo khumi. Ndinawerenganso, kunyowetsa chala, kupatula lililonse palokha, kukutumula chikwama, koma la khumi ndi chimodzi kunalibe. Ndinadziwa pompo amene walitenga. Pepalalo linali ndi chizindikiro cha boma mbali imodzi, chilembo changa chodumpha mbali inayo, ndipo tsopano linali ndi tanthauzo limene anthu khumi analimva ndi makutu awo.

Nditawauza azakhali, anakhala pansi pa mkeka n'kugwira tsaya. Anangoti chakudza sichiyimba ng'oma. Ndinafuna kupita ku Area 12 m'mawa mwake kukalilanda, koma nyumbayo sindinkaidziwa, ndipo kumeneko nyumba zili ndi manambala, osati maina a eni ake. Azakhali anati mtsikana woyenda geti ndi geti kufunsa za gadeniboyi wa imvi, alonda onse akamuloweza pamtima lisanafike dzuwa pamutu. Tinagwirizana kuti ndidikire Loweruka.

Sabata imeneyo ndinalakwitsa makalata ambiri kuposa chaka chonse. Chitseko cha ofesi chikatseguka, ndinkasiya kutayipa n'kucheuka. Galimoto ikaima panja ndinkamvetsera kuti zitseko zimene zamenyedwa ndi zingati. Lachinayi masana mesenjala wa unduna wina anabwera n'kuika kapepala kopinda pa makina anga, osandiyang'ana. Kanali kochokera kwa bwana wina wamkulu amene ndinkangomumvera dzina. Kankati ndikafike kunyumba kwake ku Area 12 Loweruka m'mawa, ndipo pansi panali nambala ya nyumba. Chifukwa chake sanalembe.

Azakhali sanalire. Anatenga chitenje n'kumangamo bulangete, sopo, mswachi ndi madiresi awiri, n'kuika kaphukusiko kuseri kwa chitseko, kuti akamva zoti anditenga asayambe kufunafuna. Anandiuza kuti ndikakafunsidwa ndisakatchule abusa, ndisakatchule iwo, ndipo ndisakachulutse mawu. Lachisanu poweruka ndinachotsa juzi yanga imene inkakhala pampando nthawi zonse, n'kuiika m'chikwama. Sindinafune kuti anzanga akhale mwezi akuizungulira ngati jekete lija.

Ku Area 12 ndinali ndisanapondeko ndi phazi. Chimene chinandiopsa poyamba chinali bata lake. Kwathu kuseri kwa msika munthu sunkamva ngakhale kutsokomola kwako, koma kuno ndinkamva nsapato zanga zokha pa tala. Mabwalo anali aakulu ngati minda, madzi akuwazika pa kapinga pamene ife tinkaima pamzere pa mpopi. Ndinkawerenga manambala pa mageti, koma nyumbayo ndinaizindikira ndisanaone nambala. Mitengo yonse ya m'derali inali yodzala dzulodzulo, yomangiridwa ku timitengo, koma pakona pa bwalo limodzi panali muwanga waukulu, wakale, nthambi imodzi itadutsa pamwamba pa mpanda. Ndinaima pa geti n'kuuyang'ana. M'kati galu anayamba kuuwa, ndendende ngati m'kankhani kaja.

Amene anadzatsegula anali bambo aja. Anamanga galu, n'kundiyandikira ngati akukonza loko.

"Pepani, mwanangu," ananong'ona. "Ndinalibisa m'chipewa. Palibe pena paliponse pamene panalembedwa kuti mkazi wanga ali pamenepa."

Anati ankaliwerenga mokweza pansi pa mtengo nthawi yopuma, tsiku lililonse, kuti aliloweze. Abwana anamva Chingerezi chikuchokera m'maluwa, anabwera kudzaona, n'kulitembenuza pepalalo. Bambowo ndinangowadutsa n'kulowa. Ndinali nditawakwiyira kwambiri moti ndikanatsegula pakamwa ndikanatukwana munthu wa msinkhu wa bambo anga.

Abwanawo anali pakhonde, munthu wa zaka za pakati, wovala magalasi, mmodzi wa aja anakaphunzira kunja. Pepala langa linali pa tebulo, mbali ya chizindikiro cha boma ili pamwamba, ataikapo mbale ya phulusa la fodya kuti lisauluke. Anandiloza mpando koma ndinakhala kunsonga kwenikweni. Anayamba m'Chingerezi, kufunsa ngati makinawo ndi anga, ngati wamkulu wa ofesi yathu akudziwa, ndiponso kuti mapepala otere alipo angati. Ndinayankha zoona, kuti ena onse ndinatentha. Anafunsa amene amabwera ku kalasiko. Ndinati alonda ndi ogwira ntchito m'nyumba, ndipo maina awo sindiwasunga. Nthawi yonseyi bambo aja anali chapatali pang'ono, atagwada pa bedi la maluwa, akuzula udzu umene panalibe.

Kenaka abwana anasiya Chingerezi. Anati iwo anawerenga mabuku ambiri, ndipo akudziwa kuti nkhani ikafupika chonchi ndiye kuti zambiri zabisika pansi. Anafuna kuyatsa ndudu, koma machesi anathyoka kawiri.

"Alipo anthu amene angawerenge izi n'kunena kuti munthuyu ndi wa mudzi umene unali pano, ndipo akulira," anatero, mawu atatsika. "Pepala la boma, makina a boma, ndipo lapezeka pakhomo panga. Mukundimva, mayi?"

Pamenepo m'pamene ndinaona kuti nawonso akuopa. Sizinanditonthoze ngakhale pang'ono. Munthu wamkulu akaopa ndi amene amathamangira kukanena yekha kuti adziyeretse, ndipo amene amaperekedwa ndi wamng'ono. Foni inali pomwepo pa zenera la pabalaza, ndinkaiona chingwe chake.

"Ndiye ndiuzeni inu mwini nkhani. Anavuliranji chipewa?"

Yankho loona linali lakuti kunkatentha. Koma ndinadziwa kuti ndikatero adzaona ngati ndikuwapusitsa, chifukwa munthu sangaike ntchito yake pachiswe kuti atayipe zoti kunkatentha. Pankafunika yankho lolemera, loti munthu wamantha angaligwire ndi manja awiri. M'mutu mwanga munalibe china koma mawu a mlonda uja.

"Ndi wakuba, bwana," ndinatero.

Pakamwa panangotseguka pokha. Ndinafotokoza kuti akuba amabwera masana kudzaona mtengo umene nthambi zake zadutsa mpanda, kuti chipewa amavula pofuna kusokoneza mboni, ndipo ndinawonjezera zanga, kuti kankhaniko ndinakalemba dala pofuna kuphunzitsa alonda ndi ogwira ntchito kukhala tcheru pa nyumba za mabwana awo. Ndinayankhula bwino kwambiri tsiku limenelo. Ndikanakhala kuti ndikulemba mayeso ndikanakhoza zonse.

Abwana anapumira m'mwamba, mapewa awo n'kutsika. Anaseka, kuseka kwautali kosagwirizana ndi nkhaniyo, n'kunena kuti iwonso ankaganiza choncho kuyambira pachiyambi. Anati ndi phunziro labwino, koma ndisadzagwiritsenso mapepala a boma. Kenaka anatembenuka n'kuyang'ana kukona kwa bwalo, kumene nthambi ija inadutsa mpanda. Anauyang'ana nthawi yaitali mtengowo. Sindikudziwa ngati ankaganizadi za akuba, kapena ankafuna kuti pabwalo pawo pasatsale chinthu choti munthu wina angadzachilozere chala.

"Madala, mwamva zimene anena aphunzitsi anu? Mtengo uwo ndi makwerero a akuba. Udulidwe."

Bambo aja anali atayimirira, chipewa chili m'manja. Anayang'ana ine, osati abwana. Ndinkadziwa kuti akudikira kuti ndinenepo kanthu, mwina kuti nthambi yokhayo ndiyo idulidwe, mwina kuti mthunzi wake ndi wabwino kwa ana. Mawu amenewo anali pa lilime langa ndithu. Koma ndinaopa kuti ndikauikira kumbuyo mtengowo, funso lija libwereranso. Ndinayang'ana nsapato zanga.

"Chabwino, bwana," anatero bambowo.

Ulendo uno machesi anayaka. Abwana anatentha pepala lija m'mbale ya phulusa, n'kuitana wa m'khitchini kuti andibweretsere chakumwa chozizira. Ndinamwa botolo lonse. Pondiperekeza ku geti ndinayesa kuyamba mawu opepesa, koma bambowo anandidula mwaulemu kuti ndifulumire, galu angaduke chingwe.

Ndisaname, pobwerera ndinkayenda ngati ndalandira kalata yokwezedwa pantchito. Azakhali atandiona ndikulowa anagwada pomwepo pakhomo n'kupemphera, kenaka anamasula kaphukusi kaja n'kubwezera sopo pamalo pake. Kalasi ya tsiku limenelo ndinaiimitsa, ndinadya mokhuta, n'kugona tulo tofa nato. Lolemba ndinabwezera juzi yanga pampando. Za mtengo ndinadziuza kuti abwana aiwala, poti akuluakulu amalamula zambiri zimene sazitsatira.

Bambo aja sanabwere Loweruka lotsatira, ngakhalenso linalo. Amene anandiuza zimene zinachitika anali mtsikana wina wa m'kalasi mwathu, wogwira ntchito m'nyumba yoyandikana nayo. Anandikokera pambali titaweruka. Anati abwana anafuna kuitana anyamata a macheka, koma bambowo anapempha kuti adule okha. Mtengo wa kumanda sudulidwa wamba, ndipo iwo anati ngati pali mlandu, bola ugwere munthu amene malemuwo akumudziwa kusiyana ndi ana a eni amene sakudziwa chimene akudula. Muwanga ndi mtengo wouma ngati mwala, umabuntha nkhwangwa. Anagogoda sabata yathunthu, kuyamba ndi nthambi, ndipo mtsikanayo ankamva kugundako ali m'khitchini kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Nkhuni zake adona anagawira antchito a nyumba zoyandikana. Mtsikanayo anakana gawo lake, koma sanauze adona chifukwa chake.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kutayipa tinkhani tija. Ndinkalemba ndi choko pa bolodi, n'kufufuta anthu asanatuluke, ndipo tinkhani tanga tinasanduka ta basi yochedwa ndi tomato wovunda. Ngakhale mayi wa nsalu anasiya kutiikira mchira. Palibe anatchulapo za Loweruka lija, ngati kuti tonse tinalota loto limodzi n'kugwirizana kusalinena.

Loweruka lachitatu bambo aja anabwera. Anakhala pamalo pawo, chipewa pa bondo, zikhatho zonse ziwiri atazikulunga ndi sanza. Sindinathe kuyang'ana mbali imeneyo. Ndinaphunzitsa ndikuyang'ana bolodi ndi denga, ndikupempha mumtima kuti nthawi ithe. Nditagwira kansanza kofufutira, ndinamva benchi la kumbuyo likulira. Anali atakweza dzanja, koyamba chiyambire kalasiyo.

Anayimirira n'kuyamba kulakatula kankhani kaja m'Chingerezi, pang'onopang'ono, opanda pepala. Munthu anafika pa geti, anayang'ana mtengo, galu anauwa, anavula chipewa, anapita. Ziganizo zonse zisanu zinatuluka zoongoka, osaphonya liwu ngakhale limodzi, mmene ndinazitayipira. Atamaliza anadzifunsa okha funso la pansi lija, n'kudziyankha okha, m'Chingerezi chomwecho, m'chiganizo chathunthu monga ndinkawaphunzitsira, kuti anavula chipewa chifukwa anali wakuba.

Anthu anaomba m'manja mofulumira, mokweza, monga anthu amene apatsidwa mpata wotseka nkhani imene inkawasowetsa tulo. Mlonda uja yekha, mwini yankholo, sanaombe. Anawerama n'kumayang'ana simenti. Bambowo anadikira kuti phokoso lithe, ali chiyimire, manja a sanza aja atagwira chipewa.

"Ndakhoza, aphunzitsi?"

Anthu khumi ankandiyang'ana, ndipo ndinali sindikudziwabe kuti makutu ndi ndani pakati pawo. Ndinawauza bambowo kuti akhoza. Anagwedeza mutu, anavala chipewa chawo momwemo m'chipinda, chinthu chimene anali asanachitepo, n'kutuluka. Loweruka lotsatira pa benchi la kumbuyo panalibe munthu, ndipo sindinawaonenso.